"Amalume a Makatuni" pa Ntcheu: mafunso amene ndimafunsidwa chisamukireni kuno

Ntchito ndi imene inandichotsa ku Blantyre n'kudzanditula pa boma la Ntcheu. Bungwe lina linkafuna munthu wopanga timakatuni tifupitifupi tophunzitsa alimi ndi amayi a kusikelo, ndipo linati wopangayo azikhala pafupi ndi anthu odzaonerawo. Pa Chingerezi ntchitoyi amati animator, koma kuno palibe anayesapo kunditchula choncho. Ana a pamalo pathu amati "amalume a makatuni", akuluakulu amangoti "aja a zidole aja". Mafunso ali m'munsiwa sindinawapeke ndili pampando. Ena anandifunsa alandilodi, ena a kabaza, ena amayi anga pa foni.

Achimwene, mumangodzitsekera m'nyumba tsiku lonse. Ntchito yake ndi yotani imeneyi?

Anafunsa ndi alandilodi, mwezi woyamba usanathe, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti nkhawa yeniyeni inali pa lendi. Ndinawayankha ndi kope la mwana wawo. Pangodya ya tsamba lililonse ndinajambulapo kampira, pa tsamba loyamba kali m'mwamba, lachiwiri katsikako pang'ono, mpaka kakagunda pansi n'kudumphanso. Nditapukusa masambawo ndi chala chachikulu, kampira kaja kanayamba kunjanja. Alandilodi anaseka, n'kunena kuti ndipangenso.

Ntchito yonse ndi yomweyo, kungoti imachitikira pa kompyuta. Katuni sayenda. Ndi zithunzi zoima zambirimbiri zimene zimasinthana mofulumira mpaka diso kunamizika. Mu filimu, pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 24. Ojambula pamanja ambiri timachepetsa ntchito poonetsa chithunzi chimodzi kawiri, ndiye pa sekondi pamafunika 12. Mphindi imodzi ndi zithunzi 720. Mayi wotula dengu pamutu, chinthu chimene inu mumachiona m'masekondi atatu, kwa ine ndi zithunzi 36, ndipo ndikafuna kuti dengulo lioneke kuti ndi lolemeradi, limenelo ndi tsiku lathunthu.

Zipangizo zake si zambiri: laputopu, kathabwa kojambulirapo ndi cholembera chake, ndi mapulogalamu. Ena ndi ogula, ngati Toon Boom Harmony, koma Krita ndi Blender ndi aulere. Musawaderere chifukwa cha ulerewo. Filimu ya ku Latvia yotchedwa Flow, imene inapata mphoto ya Oscar mu 2025, Gints Zilbalodis ndi anzake anaipangira pa Blender yemweyo amene ndili naye m'chipinda cha lendi pa Ntcheu.

Nanga anzanu onse akuthamangira m'tauni, inu bwanji kubwerera cham'mbuyo?

Zoona, msewu wa ntchitoyi nthawi zambiri umaloza kumene kuli masitudiyo. Kumwera kwa Africa kuno dzina lalikulu ndi Triggerfish ya ku Cape Town, imene inatulutsa Adventures in Zambezia mu 2012 ndi Khumba mu 2013. Ngakhale Supa Team 4, katuni ya atsikana anayi a mu Lusaka imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu Julayi 2023, nkhani yake anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, koma popanga inadzera m'manja mwa Triggerfish yomweyo. Mnyamata kapena mtsikana waluso akafuna kukula, maso amakhala kumeneko.

Koma ntchito yambiri imene imatidyetsa kuno kwathu si ya Netflix. Ndi mauthenga a katemera, a kasungidwe ka mbewu, a malonda a pa kanema. Ntchito yotere imafuna kuti wojambula adziwe mmene khasu la kuno limagwiridwira ndi mmene nkhokwe ya kuno imaonekera. Ndili ku Blantyre ndinajambulapo mlimi wa kachewere atavala kamalaya kopyapyala m'mawa wa mu Juni. Kuno katuniyo anthu anaiseka asanamve n'komwe uthenga wake. Wa ku Tsangano amadziwa kuti m'mawa wa mu Juni munthu amavala jekete ziwiri ndi chipewa chofika m'makutu.

Komanso Ntcheu si kutali monga anthu amaganizira. Ili pa msewu wa M1, pafupifupi pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Msonkhano ukakhala mbali iliyonse, ndimadzuka mbandakucha, madzulo ndagona pabedi panga. Nthawi yathu ndi yofanana ndi ya ku Johannesburg ndi Cape Town, choncho ntchito yapadera ikachokera kumeneko sindichezera usiku kudikira foni.

Chimene ndinataya ndi mnzanga wa pambali. Mu situdiyo umangotembenuka n'kuti "aise, taona mwendo uwu, ukuoneka bwino?" Kuno ndimatumiza pa WhatsApp, yankho n'kubwera mawa, mwendo uja nditaukonza kale molakwika.

Tsiku lanu limayenda bwanji?

Limayenda mmene magetsi afunira. Ndikadzuka, ndisanasambe n'komwe, ndimayang'ana kanyali ka pa mita. Akakhala alipo, ntchito yolemera ndiyo imayamba: yopaka mitundu ndi yosonkhanitsa zithunzi kuti zikhale filimu, imene imatenthetsa kompyuta ndi kumaliza batire msanga. Akakhala kulibe, ndimatenga pensulo ndi pepala n'kukhala pakhonde kukonza ndondomeko ya nkhani, chithunzi ndi chithunzi, ngati makatuni a m'nyuzipepala.

Izi ndinaziphunzira ndi misozi. Tsiku lina ndinagwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kujambula mbuzi ikuthawa mwana. Batire ya laputopu inali itatopa kale ndi ukalamba, ine osasunga ntchitoyo. Magetsi anangoti phethi, sikirini bii. Mbuzi inapita ndi mwana yemwe. Ndinatuluka panja n'kukhala pa njerwa, ndipo mbuzi yeniyeni ya aneba inabwera kudzandiyang'ana uku ikubzikula. Chiyambire tsiku limenelo chala changa chimasunga chokha mphindi zingapo zilizonse, ndipo ndalama yoyamba yooneka ndinagulira sola, batire ndi inveta. Amene anakhalapo mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira m'mwezi wa Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, sadzafunsa chifukwa chake.

Masana ndimapuma ola limodzi, ndipo ndimadya kutali ndi tebulo la ntchito. Madzulo ndi nthawi ya mawu: kumvetsera zimene ojambulitsa mawu atumiza ndi kuyenderetsa milomo ya zidole. Chichewa chili ndi ubwino wake apa. Mawu athu amathera pa a, e, i, o, u, ndiye kamwa limatseguka mooneka bwino, losavuta kulijambula. Mafayilo akuluakulu ndimatumiza usiku, netiweki ikapepuka.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi pamawonjezereka vuto lina: zala. Nkhungu ikatsika m'mapiri, dzanja limauma, mzere wowongoka osatheka. Ndimayamba ndafumbata kapu ya tiyi kaye.

Mwanawe, koma ukudya kumeneko?

Amayi, kuno ndiye kuchimake kwa ndiwo. Kabichi amene mumagula modula ku Limbe, ambiri amadzera pakhomo pathu pano. Pa Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off pali kachewere, tomato, anyezi, karoti, nsawawa, zonse zongochoka kumene kudimba. Ndanenepa. Chimene ndikusowa ndi nkhwani wotendera wa m'manja mwanu, chifukwa wanga amatuluka madzi pena, nsinjiro pena.

Mukaweruka mumatani? Kapena mumaonera makatuni?

Ayi ndithu. Wogulitsa pa chiwaya akaweruka safuna kuona tchipisi. Maso amene akhala pa sikirini kuyambira m'mawa amafuna kuona kutali, msana umafuna kuwongoka, dzanja lamanja limafuna kuiwala cholembera. Matenda a ntchito yathu ndi amenewo: maso, msana ndi mkono.

Ndimayenda wapansi. Loweruka ndimakwera minibasi kupita pa Tsangano Turn-off ndi kakope m'thumba, n'kukakhala pa benchi ya wogulitsa tiyi. Pamenepo pali sukulu imene sindinaipeze kwina kulikonse. Basi ikangoyamba kuchepetsa liwiro, amayi khumi amadzambatuka nthawi imodzi, mabeseni a kachewere pamutu. Taonani bwino akamathamanga: mutu sugwedera ngakhale pang'ono, khosi limauma ngati mtengo, ntchito yonse imagwiridwa ndi chiuno ndi mawondo. Mapazi amaponda pafupipafupi, osatalikitsa. Dzanja limodzi lagwira beseni, linalo likupalasa mphepo. Akafika pawindo amaima mwadzidzidzi, koma chitenje ndi mwana wa kumbuyo zimapitirira pang'ono kenako n'kubwerera. Kameneko, kupitirira pang'ono n'kubwerera, ndi kamene kamasiyanitsa katuni yamoyo ndi chidole cha makatoni. M'mabuku a ntchito yathu muli dzina lake, koma ine ndinakamvetsa nditakaona pa mwana wogona kumsana kwa mayi wa kachewere.

Si nzeru yanga yokha. A Disney popanga Bambi, imene inatuluka mu 1942, anabweretsa ana a nyama zenizeni ku situdiyo kuti ojambula aziona mayendedwe ake. Ine sindilipira kanthu: mbuzi, nkhuku, ng'ombe za pangolo, wakabaza wokwera chitunda atanyamula matumba awiri a makala, zonse zimadutsa pamaso panga.

Pali mwambo wake, ndipo mlendo aumvetse. Munthu wosadziwika wokhala phee pamsika, akuyang'anitsitsa anthu n'kumalemba m'kope, amakayikitsa. Ena amayesa ndi wa msonkho, ena amaganiza zoipa kuposa pamenepo. Tsiku loyamba ndinapereka moni, ndinagula, ndinakaonekera kwa atcheyamani a msika, kenako ndinajambula wogulitsa tiyi uja n'kumupatsa pepalalo. Lero likadali pakhoma la kanyumba kake, lada ndi utsi. Wokana kujambulidwa sindimujambula.

Madzulo ena ndimakhala pa bawo. Sindine katswiri, madala a pamenepo amandidya mosandimvera chisoni, uku akundifunsa ngati ku Blantyre bawo anaithetsa. Koma manja a wosewera bawo ndi chinthu china: mmene amafumbatira nkhomo, kuzitaya imodziimodzi osayang'ana, n'kumenya dzenje lomaliza mwamatama. Manja ndi chiwalo chovuta kwambiri kujambula, funsani wojambula aliyense. Lamulungu masana ndi mpira, ndipo za timu imene ndimaikonda ndisanene, alandilodi ndi a mbali inayo.

Mwaonerako ngoma?

Funsoli Angoni amalifunsa ngati akukuyesa mayeso. Inde, ndinapita ku Umhlangano, mwambo wa Angoni a kwa Maseko umene umachitikira pa Nkolimbo dzinja lisanayandikire, chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V. Malowo ali ndi mbiri yolemera, chifukwa anthu amakumbukirapo Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Mwana wake, Gomani II, ndi uja anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 mpaka boma la atsamunda linamuchotsa pampando. Munthu ukadziwa zimenezi, kuponda kwa ngoma umakumva mwina.

Kwa wojambula, ngoma ndi phunziro la kulemera. Mwamuna wanyamula chishango kumanzere, chibonga kumanja. Amakweza mwendo pang'onopang'ono, thupi n'kupendekera kumbuyo, ndipo pamwamba penipeni amaima kanthawi kochepa kwambiri, ngati dziko lagwira mpweya. Kenako phazi limatsika ngati mwala. Kukwera kuja kungatenge zithunzi zisanu ndi zitatu, kutsika ziwiri zokha. Phazi likagunda, zinthu sizithera pomwepo: zikopa za m'chiuno zimafika mochedwa, nthenga za kumutu zimawerama n'kudzuka, fumbi limakwera pomalizira. Amuna makumi angapo akaponda limodzi, nthaka imanjenjemera mpaka m'mawondo mwa woonera. Ndinayesa kuchijambula chimenechi milungu iwiri. Zithunzi zinali zolondola, koma mdala wina nditamuonetsa pa foni anangoti, "Ameneyu sanadye." Ankanena zoona. Munthu wanga ankaponda ngati akuopa kudzutsa mwana.

Ndimasamala chinthu chimodzi. Katuni imakonda kukokomeza, mphuno kuikulitsa, mimba kuitupitsa. Pa mlimi wopeka palibe mlandu. Pa zovala za mwambo ndi pa mafumu, dzanja ndimaligwira, ndipo ndisanatulutse ndimaonetsa kaye eni ake.

Tchuthi mumakhala nacho? Mumapita kuti?

Wolembedwa ntchito lamulo limamuteteza: wogwira masiku asanu pa mlungu ayenera kupuma masiku 15 pa chaka, wa masiku asanu ndi limodzi 18, kuphatikiza pa masiku a tchuthi cha dziko monga 15 Januwale, 3 Malichi, 6 Julayi ndi 15 Okutobala. Koma ambiri a ife timagwiranso maganyu apambali, ndipo ganyu sadziwa tsiku la Chilembwe. Ofesi ikakhala m'chipinda chogona, palibe belu loweruka. Ukapanda kudziikira malire wekha, umapezeka pa Khirisimasi ukukonza chikope cha chidole.

Ine ndinalakwapo. Ulendo woyamba wa kunyanja ndinanyamula laputopu, ati ndikangomaliza kachigawo kamodzi. Masiku atatu anathera m'chipinda, nyanja ndikuimvera pawindo. Tsopano imatsala pa Ntcheu, yotsekeredwa m'sutikesi.

Kopita kulipo kwambiri, ndipo konse n'kwapafupi. Ukalowera kumpoto pa M1, pali chigawo chimene msewu womwewo ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, moti pa Lizulu munthu amawoloka msewu kukagula buledi kudziko lina n'kubwerera tiyi asanazizire. Pa Masasa ukakhotera kumanja umatsika Khwekhwerere, msewu wokhotakhota wokafika pa Golomoti, jekete n'kuyamba kulemera chifukwa kumunsiko ndi kotentha. Kuchoka apo, njira ina ikupita ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, ina ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. M'nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare muli nkhope za gule wamkulu mazanamazana. Wojambula aliyense amene amadandaula kuti akusowa nkhope zatsopano za zidole zake akaime m'chipinda chimenecho ola limodzi, adzatuluka ali chete.

Malo amene ndimabwererako kawirikawiri ndi Chongoni, ku Dedza, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa. Ndikaima pansi pa thanthwe n'kuona nyama yojambulidwa ndi dothi loyera, miyendo itatambasuka, ndimakumbukira funso la alandilodi lija. Anthu a dera lino anayamba kalekale kujambula pofuna kuphunzitsa ana awo.

Khirisimasi yokha ndi ya kwa amayi. Imeneyo sikambirana.

Simusungulumwa, poti abale anu ali kutali?

Miyezi yoyamba inde. Ntchito yathu ndi ya munthu mmodzi ndi khoma, ndipo n'zotheka kutha mlungu osalankhula ndi munthu kupatula wogulitsa mayunitsi. Chinandimasula ndi maliro. Pamalo pathu panagwa zovuta, ine ndili ndi ntchito yofunika kutumiza mawa lake. Ndinatseka chitseko kuti ndipitirize mwakachetechete. Alandilodi anagogoda, osakwiya, n'kungoti, "Achimwene, kuno sitimatero." Ndinatseka kompyuta, ndinapita kukakhala ndi amuna anzanga pamoto usiku wonse, m'mawa ndinapita nawo kumanda. Ntchito inachedwa tsiku limodzi, ndipo amene ankaidikira sanasangalale. Koma kuyambira pamenepo anthu anasiya kundiyang'ana ngati mlendo wa m'chipinda chakumapeto. Nditadwala malungo, phala linabwera kuchokera m'makomo atatu.

Tsopano ndikamalonjeza tsiku lomaliza ntchito, ndimaikiratu masiku awiri apadera. Limodzi la magetsi, lina la zogwa mwadzidzidzi.

Zimalipira?

Zimalipira lendi, ndiwo ndi bandulo, ndipo mwezi wabwino zimatsalako. Moyo wa pa Ntcheu ndi wotsikirapo kuyerekeza ndi wa mumzinda, makamaka nyumba ndi chakudya. Chowawa ndi zipangizo, chifukwa zonse ndi zochokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, laputopu imene ndinkaisungira ndalama inathawa ndikuiona. Ndipo kansonga ka cholembera kakatha, pa boma pano sungakapeze pa shopu ya mafoni. Ndimaitanitsa tambiri nthawi imodzi n'kutisunga ngati mankhwala.

Langizo langa kwa anzanga ndi lakuti theka la malipiro lizibwera ntchito isanayambe, ndipo pepala la mgwirizano lizinena kuti kukonzanso ndi kangati. Pali makasitomala amene amati "tangosinthani pang'ono malayawo", osadziwa kuti malayawo ali pa zithunzi 720.

Ankolo, inenso ndingathe? Kunyumba amandikalipira ndikamajambula m'makope.

Anafunsa ndi mtsikana wa Fomu 2, atandionetsa kumapeto kwa kope lake la masamu. Munali aphunzitsi ake, mkono uli m'mwamba, choko chili m'manja, ndipo ngakhale sindinawaonepo ndinadziwa kuti ndi munthu waukali. Ungathe, mwana iwe. Ambiri a ife tinayambira pomwepo, kukopera Pewani wa Brian Hara m'nyuzipepala yokulungira usipa. Usadikire kompyuta. Yamba ndi kampira kaja pangodya ya kope, masamba 12. Kakayamba kunjanja ngati mpira weniweni, wofulumira potsika ndi wozengereza pamwamba, jambula nkhuku ikujompha chimanga. Ukatha apo, munthu akuyenda, ndipo ameneyo adzakuvuta chaka chathunthu monga anativutira tonse. Masamu usawasiye, chifukwa ntchitoyi ndi yowerengera masekondi tsiku lililonse, ndipo Chingerezi ndi chimene udzawerengere maphunziro aulere a pa intaneti.

Kwa inu makolo, kope la masamu likadzaza ndi zithunzi musathamangire kuthyola mkwapulo. Mugulireni mwanayo kope lina la masamba opanda mizere ndi mapensulo awiri, mumuuze kuti la masamu likhale la masamu. Mtengo wake sufika pa beseni limodzi la kachewere.